Denga la kalavani likudontha: mafunso ndi mayankho okhudza kamatidwe kake kuno ku Harare

Mafunso awa anthu athu amawafunsa chaka ndi chaka, makamaka mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala. Ena ali ndi kalavani yokoka yomwe amapita nayo ku Kariba kapena ku Nyanga. Ena anasandutsa Toyota HiAce kukhala galimoto yogonamo pa ulendo wa kumudzi. Koma ambiri kalavani yawo inaima kalekale, ndi mogulitsira sadza ndi tiyi pafupi ndi mafakitale a ku Graniteside, Workington ndi Southerton. Mayankhowa akukhudza magulu onsewa.

Kodi ntchitoyi ndingaigwire ndekha kapena ikufunika mmisiri?

Mukhoza kuigwira nokha ngati denga likadali lolimba, vuto lili pa zomatira zomwe zatha. Sipafunika makina. Pamafunika makwerero, chopalira, nsanza zoyera, mfuti yofinyira zomatira ndi masiku awiri kapena atatu opanda mvula.

Mmisiri amafunika ngati mitengo ya mkati mwa denga yaola malo aakulu, kapena ngati dzimbiri laboola chitsulo mpaka pofunika kuwotcherera. Zimenezi zafotokozedwa m'munsimu.

Madzi amalowera pati kwenikweni?

Pakati pa lata loyera bwino madzi salowera kawirikawiri. Amalowera pomwe munthu anaboola kapena analumikiza: kuzungulira zenera la padenga, pa njanji ya aluminiyamu yomwe imalumikiza denga ndi khoma, pa njanji yokolekapo tenti ya m'mbali, pa ma screw ndi ma rivet, pa miyendo ya kariyala, polowera waya wa sola kapena wa eriyo, ndiponso pa magetsi ang'onoang'ono a pamwamba. Kalavani zakale zochokera ku South Africa monga Jurgens, Sprite ndi Gypsey zili ndi njanji zomangidwa ndi ma screw ambirimbiri, ndipo screw iliyonse ndi bowo lomwe likudalira zomatira zokha.

Musapepuse kampata chifukwa n'kakang'ono. Mvula ya mamilimita 30 ikagwa pa denga la masikweya mita 10, ndiye kuti malita 300 a madzi adutsa pamenepo, ndipo mvula yotere kuno imatha kugwa masana amodzi.

N'chifukwa chiyani zomatira sizikhalitsa kuno?

Harare ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere. Dzuwa la pamalo okwera chonchi ndi laukali, limaumitsa labala ndi pulasitiki mpaka kuyamba kuthetheka. Ndiye pali kusinthasintha kwa kutentha. Mu Juni ndi Julayi kumacha kukuzizira kwambiri, koma pofika masana lata latentha losagwirika. Aluminiyamu amatalika akatentha, amafupika akazizira: lata lotalika mamita 5 limasuntha mamilimita opitirira 4 kutentha kwake kukasintha ndi madigiri 40. Matabwa a pansi pake sasuntha mofanana, choncho zomatira ndi zomwe zimakokedwa uku ndi uku tsiku ndi tsiku.

Kwa galimoto yoyenda onjezanipo msewu. Amene amadutsa Mutoko, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza akudziwa momwe bodi imagwedezekera pa maenje itasenza katundu pamwamba. Zomatira zouma gwa sizingapirire zimenezo. N'chifukwa chake zonse zomwe tikulangiza pano ndi zomwe zimakhalabe zotamuka zikauma.

Padenga sindikuonapo bowo. Ndingadziwe bwanji pomwe pakulowera madzi?

Choyamba dziwani kuti pomwe pakudontha mkati si pomwe madzi alowera. Amatha kulowera pa zenera la kutsogolo, n'kuyenda pamwamba pa siling'i kutsatira mtengo kapena waya, n'kukatulukira pa bedi kumbuyo.

Njira yodalirika imafuna anthu awiri. Wina akhale mkati ndi tochi atatsegula makabati onse a m'mwamba. Wina akhale panja ndi payipi ya madzi kapena keni yothiririra m'dimba, poti madzi a m'mipope m'madera ambiri a mzinda uno sabwera tsiku lililonse. Yambirani pansi kukwera m'mwamba. Thirani malo amodzi kwa mphindi zisanu kapena khumi, dikirani, kenako sunthirani pena. Mukathira denga lonse nthawi imodzi madzi alowadi, koma simudziwa kuti alowera pati. Musagwiritse ntchito makina opopera mwamphamvu a kotsukira galimoto, amakankhira madzi ngakhale pomwe panali bwinobwino.

Maso nawonso amathandiza. Screw yomwe mutu wake wachita dzimbiri, mzere wakuda wotsika kuchokera pa njanji, zomatira zong'aluka kapena zomwe zikunyamuka mukalowetsa chikhadabo, siling'i yotupa, fungo la nkhungu mukangotsegula chitseko: zonsezi zikukulozerani malo. Masulani screw imodzi pa njanji yomwe mukuikayikira. Ikatuluka yonyowa kapena yadzimbiri mpaka kunsonga, madzi akhala akulowa pamenepo kwa nthawi yaitali.

Kodi mtundu wa denga uli ndi ntchito posankha zomatira?

Uli ndi ntchito kwambiri. Kuno mupeza mitundu inayi. Kalavani zambiri zakale ndi za lata la aluminiyamu pamwamba pa felemu ya matabwa. Madenga okwezeka, madenga aatali owonjezera pa kombi ndi makanope a ma pickup nthawi zambiri ndi a fibreglass. Kombi ndi basi yosandutsidwa kalavani ndi yachitsulo. Mtundu wachinayi ndi wosowa: galimoto zogonamo zochokera ku America zimakhala ndi chinsalu cha labala, EPDM kapena TPO, chomatidwa pa pulayiwudi.

Maginito amakakamira pa chitsulo, sakakamira pa aluminiyamu kapena fibreglass. Fibreglass mukaiona kunsi imaoneka ulusiulusi. EPDM imafewa mukadina, ndipo ikakalamba imasiya ufa woyera m'manja. Ngati denga lanu ndi la labala wa EPDM, petulo, parafini, thinala ndi phula musayandikire nazo, zimamutupitsa ndi kumumatula.

Bwanji osangomata ndi silikoni, poti ndi wotchipa ndipo amapezeka paliponse?

Funso ili ndi lomwe limabwera kuposa onse, ndipo yankho lathu ndi lakuti silikoni asakwere padenga la kalavani. Pa madenga omwe amavuta kukonza, ambiri anavuta chifukwa cha iyeyu.

Zifukwa zilipo zitatu. Silikoni wamba wa m'bafa, uja wonunkha ngati viniga, amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amayambitsa dzimbiri pa chitsulo chosapenta. Chachiwiri, pa denga logwedezeka amamatuka pang'onopang'ono m'mphepete koma pamwamba akuoneka wabwinobwino. Madzi amalowa kunsi kwake n'kukhala momwemo, inu mukuyang'ana n'kumati pamenepa ndinamata kale. Chachitatu ndi chomwe chimapweteka kwambiri: pomwe padutsa silikoni palibe chimene chimagwiranso. Penti sigwira, zomatira zina sizigwira, ngakhale silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale. Kuti mukonze muyenera kumuchotsa yense mpaka kamafuta kosaoneka komwe amasiya, ndipo imeneyo ndi ntchito ya tsiku lonse.

Ngati kalavani munaigula ili kale ndi silikoni, musataye mtima. Onani yankho la kamatidwe m'munsimu.

Nanga ndigule chiyani?

Zinthu ziwiri ndi zomwe zimagwira ntchito yaikulu. Choyamba ndi tepi ya butyl, yofewa ngati chingamu, yomwe siuma. Imaikidwa kunsi kwa chinthu chomangidwa ndi ma screw, monga felemu ya zenera kapena njanji. Chachiwiri ndi zomatira za m'chubu zamtundu wa polyurethane, monga Sikaflex 221, kapena zamtundu wa MS polymer. Za MS polymer zimapirira dzuwa kuposa polyurethane, yomwe imafuna kupentedwa pamwamba kuti isathetheke. Pa denga la EPDM kapena TPO pamafunika zomatira zopangidwira labala ameneyo, monga za Dicor, kapena tepi ya EternaBond, ndipo izi kawirikawiri mumachita kuitanitsa kunja.

Chubu cha mamililita 300 chimakwana mamita pafupifupi 12 ngati mzere wake ndi wa mamilimita 5 m'lifupi ndi 5 kuya. Yezani njanji zanu musanapite kogula.

Yang'anani tsiku lothera ntchito lomwe lalembedwa pa chubu. Zomatira izi zimauma ndi chinyezi cha mumpweya, ndiye chubu chomwe chakhalitsa pashelefu kapena padzuwa chimayamba kulimba mkati. Ku Siyaso ku Mbare mungapezeko zopalira, ma rivet, zidutswa za lata ndi lona pamtengo wabwino, koma zomatira zenizenizo gulani m'sitolo ya hardware kapena ya zipangizo za galimoto momwe katundu sakhalitsa. Dinani chubucho ndi chala, chikhale chofewa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Phula kapena penti yomatira madenga a nyumba singathandize?

Phula lakuda limakoka kutentha, limasungunuka mu Okutobala n'kutsikira m'makoma, ndipo m'nyengo yozizira limang'aluka. Tepi ya phula yokhala ndi aluminiyamu pamwamba ingakupulumutseni kwa milungu ingapo mvula ili mkati, koma poichotsa imasiya uve wovuta kutsuka.

Penti ya acrylic yopaka pamodzi ndi kansalu kake, ija amamatira nayo misomali ya malata ndi makoma a padenga, ili ndi malo ake. Pa kalavani yoima, yogulitsiramo chakudya, imathandiza ngati mwayamba mwakonza molumikizira monse, ndipo yoyera imachepetsa kutentha mkati, zomwe wophika aliyense angayamikire. Koma sipirira pomwe madzi amadikha, ndipo pa galimoto yoyenda mitunda yaitali kansalu kaja kamayamba kunyamuka kutsogolo komwe mphepo imawomba. Chachikulu n'chakuti penti silowa m'malo mwa zomatira. Kupaka denga lonse njanji zili zotayira kuli ngati kufolera udzu watsopano pa phaso lodyedwa ndi chiswe.

Kamatidwe koyenera n'kotani?

Mfundo yake ndi iyi: zomwe zimatseka madzi ndi zomatira za kunsi kwa chinthu, osati za pamwamba pake. Mzere womwe mumauona kuzungulira zenera ndi mlonda wachiwiri chabe. Choncho ngati zenera likudontha, limasuleni.

Masulani ma screw onse, lowetsani chopalira kunsi kwa felemu pang'onopang'ono, n'kuinyamula. Pulasitiki yomwe yakhala padzuwa zaka zambiri imathyoka msanga, musaikoke ndi mphamvu. Palani zomatira zakale zonse, pa denga ndi pa felemu pomwe. Pa aluminiyamu ndi fibreglass gwiritsani ntchito chopalira cha pulasitiki kapena cha mtengo, chifukwa lata la kalavani ndi lopyapyala, mpeni umaliboola. Pomwe panali silikoni palani, pakani mankhwala ochotsera silikoni ngati mwawapeza, kenako kwechani pang'ono ndi sandipepa yosalala. Kuti mudziwe ngati wachoka, donthezanipo madzi: akamaundana timadontho tozungulira, kamafuta kaja kakadalipo.

Tsukani ndi madzi a sopo, tsukuluzani, siyani paume. Kenako pukutani ndi isopropyl alcohol kapena sipiriti pa nsanza yoyera, n'kudikira mphindi khumi kapena kuposerapo kuti auluke yense, chifukwa akatsalira amalepheretsa polyurethane kuuma bwino. Petulo ndi parafini sizotsukira pano, zimasiya mafuta.

Musanatseke, suzumirani mkati mwa bowo. Ngati thabwa lanyowa, lisiyeni liume masiku angapo. Kutsekera chinyezi mkati ndi kufulumizitsa kuola.

Ikani tepi ya butyl kunsi kwa felemu kuzungulira konse, kudutsa pa mabowo a ma screw, nsonga zake zikumane mopanikizana kumbali ya kumbuyo kwa galimoto. Bwezerani felemu, mangani ma screw modumphadumpha, uku ndi uko, pang'onopang'ono, mpaka butyl ayambe kutuluka m'mbali monse. Musamange mpaka kumufinya yense, pafunika patsale wina woti azitamuka. Screw yomwe ikungozungulira osagwira, ikani yokulirapo pang'ono, kapena tsekani bowolo ndi kamtengo ndi guluu n'kuboolanso. Dulani butyl wotuluka uja.

Pomaliza matani tepi ya pepala mbali ziwiri za mpata, finyani mzere umodzi wosadukiza wa polyurethane kapena MS polymer, salazani ndi chala mutavala golovesi, n'kuchotsa tepi ya pepalayo zomatira zisanayambe kuuma. Mutu wa screw iliyonse uphimbidwe. Njanji ya m'mphepete imakonzedwa chimodzimodzi, koma masulani mbali imodzi, muimalize, kenako mupite mbali ina, kuti bodi isatayike.

Ndingaponde padenga pogwira ntchito?

Madenga ambiri a kalavani sanapangidwe kuti munthu aziyendapo. Gwirani ntchito muli pa makwerero, wina atakugwirirani. Ngati simungafikire pakati, yalani bulangeti lakale, ikani thabwa lalikulu lofika mbali zonse ziwiri pomwe pali makoma, n'kugwada pa thabwalo. Denga lomwe laola mkati likhoza kukugwetserani m'kalavani, liyeseni kaye podina ndi dzanja.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, pomwe kuno kulibe mvula ndipo matabwa a mkati auma. Ambiri amakumbukira denga mu Disembala, kutatsala masiku atatu kuti anyamuke kupita ku Blantyre kapena ku Dedza kukadya Khirisimasi, mvula ikugwa madzulo aliwonse. Ntchito ya nthawi imeneyo siikhalitsa.

Pa tsiku lenilenilo, dikirani mame aume, koma musadikire mpaka lata litenthe. Zomatira zambiri zimafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 40, ndipo lata la padzuwa mu Okutobala limapitirira pamenepo. Pamthunzi wa shedi ndi pabwino, pansi pa mtengo ayi. Polyurethane imauma mamilimita pafupifupi 3 pa maola 24, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti, pomwe mpweya ndi wouma komanso wozizira, imachedwerapo. Ipatseni masiku awiri kapena atatu musanayese ndi madzi kapena kuyamba ulendo.

Mvula yayamba kale ndipo mkati mukudontha. Ndichite chiyani lero?

Phimbani ndi lona, koma ikani matabwa kapena matayala akale pakati pa lona ndi denga kuti mpweya uzidutsa, apo ayi nthunzi iunjikana kunsi. Pendeketsani kalavani pang'ono ndi gudumu la kutsogolo kapena ndi jeke kuti madzi asadikhe pamwamba. Tulutsani matiresi ndi makushoni, tsegulani makabati, ndipo dzuwa likawala tsegulani mazenera onse. Ngati madzi akutsika pafupi ndi magetsi, chotsani waya pa batire ndipo musalumikize kalavani ku magetsi a m'nyumba.

Pomata mongoyembekezera, MS polymer ndi yomwe imagwirako pamalo a chinyezi pang'ono. Lembani malowo kuti mudzawamasule ndi kuwakonza bwino mvula ikatha.

Denga la kombi yanga lachita dzimbiri mu ngalande za m'mbali. Ndimate pamwamba pake?

Ayi. Dzimbiri lotsekeredwa limapitiriza kudya chitsulo kunsi kwa zomatira. Chotsani zomatira zakale za m'ngalandemo, kwechani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pakani mankhwala opha dzimbiri okhala ndi phosphoric acid, kenako primer (penti yoyamba ya pansi), makamaka ya epoxy. Ikauma ikani polyurethane, n'kupenta pamwamba.

Ngati mwakwecha n'kupeza timabowo tambiri toyandikana, chitsulo chatha, pakufunika kudula ndi kuwotcherera chigamba. Apa pitani kwa okonza mabodi a galimoto. Akumbutseni achotse siling'i ndi zonse zotchinga kutentha asanayatse moto, chifukwa siponji ya mkati mwa denga imayaka msanga.

Nanga mng'alu wa pa fibreglass?

Timing'alu tating'ono tooneka ngati ulusi wa kangaude nthawi zambiri tili pa khungu la pamwamba lokha. Kwechani ndi kupenta. Mng'alu wodutsa mpaka kunsi umafuna chigamba. Boolani kabowo kakang'ono kumapeto onse awiri a mng'aluwo kuti usapitirire, kwechani mozungulira masentimita 5 mbali zonse, dulani zidutswa ziwiri kapena zitatu za nsalu ya fibreglass, china chokulirapo kuposa chinzake, n'kuzinyowetsa ndi resin, mankhwala amadzimadzi omwe amalimbitsa nsaluyo akauma. Mankhwala oumitsira resin amathiridwa ochepa kwambiri, 1 mpaka 2 peresenti. Mukachulutsa kunja kukutentha, resin imauma ikadali m'chitini. Valani magolovesi, magalasi ndi chotchinga pamphuno, fumbi lake ndi loipa m'mapapo.

Siling'i yafewa ndipo yachita mawanga akuda. Kalavani yatha ntchito?

Osati nthawi zonse. Thabwa limayamba kuola chinyezi chake chikakhala pamwamba pa 20 peresenti kwa nthawi yaitali. Ngati mungabwereke kachipangizo koyezera chinyezi, pansi pa 15 peresenti palibe nkhawa. Ngati mulibe, lasani ndi sikuludiraiva: thabwa labwino limakana, loola limalola.

Malo aang'ono mungakonze nokha kuchokera mkati. Dulani pulayiwudi yofewayo mpaka mufike pa yolimba, chotsani siponji yonyowa, siyani potsegula paume bwino, lumikizani mtengo watsopano wouma pambali pa wakale ndi guluu wosaopa madzi ndi ma screw. Koma ngati kuola kwafika m'makona momwe denga limagwirana ndi makoma, kalavaniyo isakokedwe pamsewu mpaka mmisiri aione. Kwa ogulitsa chakudya palinso nkhani ya nkhungu, yomwe siyenera kukhala pamwamba pa miphika.

Ndikufuna kuika sola padenga. Ndipewe bwanji kuyambitsa kudontha kwina?

Chepetsani mabowo. Miyendo ya sola ikhoza kumatidwa ndi zomatira zamphamvu monga Sikaflex 252, potsatira malangizo a opanga pa katsukidwe ndi primer, bola penti ya dengalo ikhale yogwira bwino, chifukwa zomatira zimagwira penti, osati lata. Ngati mukukayika, mangani ndi mabawuti pomwe pali mtengo kapena chitsulo cha felemu, butyl ali kunsi. Waya alowe pa bowo limodzi, lokhala ndi kabokosi kake kotsekera madzi koyang'ana kumbuyo. Kulowetsa waya pa bowo lopanda kanthu n'kuthirapo zomatira ndi komwe kumadzadontha chaka chamawa.

Kodi pali mabowo omwe sayenera kutsekedwa?

Alipo, ndipo nkhani iyi ndi ya moyo. Timipata tolowetsa mpweya pa zenera la padenga, potulukira utsi wa firiji ya gasi, ndi mabowo a pansi m'bokosi la silinda ya gasi anaikidwa dala. Moto wa gasi kapena wa makala m'chipinda chotsekeka umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha koma umapha munthu ali m'tulo. Gasi wotayika ndi wolemera kuposa mpweya, amatsikira pansi, n'chifukwa chake mabowo aja ali pansi. Ngati mvula ikulowera pa malo amenewa, konzani kapena sinthani chivindikiro chake. Mbaula isalowe m'kalavani usiku wa Juni, kaya kuzizire bwanji. Timabowo ta kunsi kwa mafelemu a mazenera natonso musatitseke, ndi totulutsira madzi.

Ndikamaliza, ndiziyang'ana kangati?

Kawiri pa chaka: mu Epulo mvula ikatha, ndi mu Seputembala isanayambe. Onjezanipo mukabwerako ku ulendo wautali wa msewu woipa komanso kukagwa matalala. Dinani mzere uliwonse wa zomatira ndi chala. Ngati ukutamuka ndipo wagwira mbali zonse ziwiri, usiyeni. Ngati wauma, wang'aluka kapena ukunyamuka, chotsani gawo limenelo n'kuikanso potsatira yankho la kamatidwe.

Amene mumaimika kalavani pansi pa jacaranda m'misewu ya ku Avenues kapena ku Milton Park, sesani denga mlungu uliwonse mu Okutobala. Maluwa ndi timasamba take timadzaza ngalande, timasunga chinyezi, ndipo mvula yoyamba imapeza madzi alibe kolowera koma pa njanji.